Chitsulo cha ku Joni

Chakudya cha munthu wina chinali kumsana kwanga,
chikadali chotentha,
pomwe tekisi ya ku Bree inadumpha maloboti ofiira.
Ululu unabwera mochedwa. Choyamba linali liwu:
thyo! ngati nzimbe pa bondo la mnyamata.
Njinga yamoto ili gada, tayala likuzungulira lokha,
foni nkumanenabe kuti
kwatsala mphindi zinayi ndifike.

Ku Bara anandionetsa mkati mwa mwendo wanga.
Msongolo woyera ngati chinangwa chosenda,
wagawika patatu.
Zaka makumi atatu wandinyamula
osaonana nawo nkhope,
lero tikumanira pa kompyuta ya eni,
dokotala akuuloza ndi bolopeni
ngati mapu a dziko lomwe lapatukana.

Masiku asanu ndi anayi ndinadikira mpeni.
Mmawa dzina langa pa bolodi, usadye kanthu.
Madzulo alifufuta,
kwabwera wa chipolopolo, kwabwera wa sitima.
Ndani angakangane ndi magazi?

Bedi la kumanzere kunali Ntate Sefako,
nyung'unyu yake atamuikira yogula.
Iye Chisutu, ine Chichewa,
koma kubuula sikufuna womasulira.
Usiku ankagogoda chitsulo cha bedi kawiri,
ine nkuyankha kawiri.
Uliko? Ndiliko.

Nditatsitsimuka, pakamwa pali gwa,
anati muli ndodo yachitsulo tsopano m'fupamo,
ndi misomali inayi.
Ndinaseka mpaka ulusi unakoka.
Bambo a bambo anga anabwera kuno pa Theba,
anatsika pansi pa mzinda uno kukatulutsa chuma cha m'miyala,
nabwerera ku Balaka ndi jekete ndi chifuwa.
Ine Joni yemweyo wanditsegula
nkundibisira chitsulo mkati.
Kaya ndi malipiro, kaya ndi chikole.

Kenako anadza Sisi Dikeledi wa mafizo,
wamfupi, wosadziwa chisoni.
Pinda bondo. Pindanso.
Bondo lauma ngati chitseko cha m'dzinja,
mnofu wa ntchafu wathawa,
watsala mwendo wa mwana pa thupi la bambo.
Ponda, akutero. Ndikuti uthyoka.
Akuti fupa ndi laulesi,
limalumikizana likamva katundu.
Ndinaponda. Ndinatukwana m'chinenero chakwathu,
iye nkuvomera ngati wamva.

Sabata yomweyo Esinta anatumiza kanema.
Ndaziona, amene ndinamusiya ali m'mimba,
wagwira mpando wa pulasitiki pabwalo,
wausiya,
dzandi, dzandi, dzandi, khu!
Anthu kuseka, iye nkudzukanso
matako ali mbuu.
Ndinawerenga: mapazi atatu.
Ine tsiku limenelo ndinali nditaponya awiri.

Tsopano ndili ku Turffontein,
chipinda cha anthu anayi, masitepe makumi awiri ndi atatu.
Ndodo ziwiri zandikumba m'khwapa.
Mwini njinga amaimba lachisanu lililonse,
safunsa za mwendo.
Fanuel amanditengera madzi osamba
ndipo lendi ya mwezi uno walemba kuseri kwa kalendala,
akuti ndidzabweza ndikadzathamanga.

Juni wa kuno alibe nthabwala.
Chisanu chimalowa pa chipsera
nkukagona m'chitsulomo,
ndimadziwa kuti kunja kwagwa chipale
ndisanatsegule katani.

Esinta akuti bwerani, mwendo si wa Joni.
Ndikuti dikira, lachiwiri akajambulanso.
Akuti pamene panathyokapo
pakumera kamtambo koyera,
fupa latsopano, lanthete,
lomwe silinaione Balaka.

Usiku ndimaika chikhatho pamenepo.
Silimveka likamaluka.
Pa msewu njinga za anzanga zikudutsa,
mabokosi kumsana,
ndipo ndimayesa kupinda zala za kuphazi,
chimodzi, chinzake,
chachikulu chokha chikukanabe.